Kutsogolera masewero a nthano m'dziko lobwereka ku Asia

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata pa boma la Dedza

 

Masewero amene ndabwera kudzakamba amayenda motere. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, kapena pamphasa ngati tebulo palibe. Aliyense ali ndi pepala lomwe walembapo mpangankhani wake mmodzi: dzina, kwawo, zimene amatha, zimene amaopa. Mmodzi yekha alibe mpangankhani, ndipo ameneyo ndiye mwininthano. Iye amafotokoza malo, amalankhulira anthu ena onse a m'nthanomo, ndipo kawirikawiri amafunsa kuti, "Ndiye mutani?" Wosewera akati, "Ndikwera mpanda alonda asanandione," ndipo zikukayikitsa ngati angathe, amaponya madayisi. Zimene madayisi anena, onse amazilandira, ngakhale mwininthano yemwe. Nthano imodzi imatha kutenga masabata ambiri, anthu omwewo akukumana Loweruka lililonse kupitiriza pamene analekezera.

Masewerowa anatchuka kuyambira 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons ku America. Ku Japan anawalandira mwa njira yawoyawo. Mu 1986 magazini ya Comptiq inayamba kusindikiza zimene gulu lina linkalankhula posewera, ndipo m'menemo munatuluka Record of Lodoss War, yomwe pambuyo pake inasanduka mabuku ndi makatuni. Mu 1989 anatulutsa masewero awo otchedwa Sword World, omwe amangofuna madayisi wamba a mbali 6. Ndatchula zimenezi dala, chifukwa madayisi amenewo ndi omwe aja ali m'bokosi la Ludo kunyumba kwanu. Simufunika magetsi, simufunika bandulo ya intaneti, simufunika buku lochokera kunja.

Ife tinakulira nthano, ndipo wina angati palibe chachilendo apa. Chilipo chimodzi. Agogo akati "padangokhala," ife n'kuyankha "tili tonse," mathero amakhala ali kale m'mutu mwa agogo. Kalulu apulumuka basi, Fisi achita manyazi basi. M'masewerowa omvera ali ndi mphamvu yokana. Mwininthano akhoza kukonza kuti alendo alowere pachipata, iwo n'kusankha kukagona kumanda. Amene amakwiya ana akapatuka panjira imene anawalambulira, ntchitoyi imuvuta.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikukamba za Asia, osati za kwathu konkuno? Chifukwa ndi zimene achinyamata adzapempha tsiku loyamba. Amene takula tikulipira kandalama pakhomo la vidiyo sho m'misika ngati Chimbiya, Linthipe kapena Lizulu tikudziwa kuti Bruce Lee, Jackie Chan ndi Jet Li si alendo kuno. Mafilimu awo ena tinawamva akulankhula Chichewa. A masiku ano akuonera Naruto ndi Dragon Ball pafoni. Mukangoti "sankhani munthu wanu," atatu mwa asanu adzati akufuna kukhala ninja. Musawakanize. Chidwi chimenecho n'chabwino, ndipo ndi chimene chidzawabweretse sabata yamawa. Koma inu otsogolera muli ndi ntchito ina imene iwo sakuiona, ndipo ndiyo ndikufuna tikhalepo nthawi.

Mu 1985 kampani ya TSR inatulutsa buku lotchedwa Oriental Adventures, lothandiza anthu kusewera Dungeons & Dragons m'dziko longopeka lotchedwa Kara-Tur. Linagulidwa kwambiri. Koma anthu ambiri ochokera ku Asia atakula n'kuliwerenga bwino anadandaula kuti linasakaniza za ku Japan, China, Korea ndi maiko ena m'mphika umodzi, mayina ambiri a ankhondo n'kukhala a ku Japan kokha, ndipo ulemu wa munthu linausandutsa mapointi owerenga papepala. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast, yomwe ndiyo mwini masewerowa tsopano, inaika mawu ochenjeza pa mabuku akale otere, kuvomera kuti muli tsankho la nthawi imeneyo.

Ife a ku Dedza sitifunika wotiuza kuti zoterezi zimapweteka bwanji. Taganizani anyamata a kutsidya la nyanja akusewera nthano ya "ku Africa," mmene munthu wavala za Gule Wamkulu, wanyamula mkondo wa Chizulu, akulankhula Chiswahili, nyumba yake ili pafupi ndi mapiramidi a ku Egypt, ndipo ntchito yake m'nthanomo ndi kuopseza alendo basi. Mtima ungatiwawe. Tikudziwa kuti Gule, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake, nthawi yake ndi mwambo wake, ndipo za kudambwe sizikambidwa pabwalo ngati lino. Tikudziwanso mmene zimakhalira mlendo akachita bwino. Bambo Claude Boucher anatsegula KuNgoni ku Mua mu 1976, ndipo anakhala zaka makumimakumi akumvetsera asanayerekeze kufotokoza. Mukalowa mu Chamare Museum mupeza kuti za Achewa zili pazokha, za Angoni pazokha, za Ayao pazokha, ngakhale mitundu yonseyi imakhala m'boma limodzi lomweli ndipo imakwatirana. Ngati boma limodzi la Dedza likufuna kusamala kotere, nanga dera limene muli anthu oposa theka la anthu onse a padziko lapansi?

Kubwereka za alendo si tchimo. Gule yemweyo ali ndi Simoni wofiira nkhope uja, alinso ndi Maliya, ndipo onsewa anabadwa chifukwa makolo athu anawayang'anitsitsa alendo nthawi yaitali mpaka kupeza phunziro mwa iwo. Chimene ndikukana ndi kubwereka zovala n'kusiya anthu ake. Ndipo chimodzi ndikukanitsitsa: patebulo panu pasapezeke wokoka zikope kapena wolira mawu opanda tanthauzo ati akulankhula Chitchaina. Mu June 2022 BBC inaonetsa mmene munthu wina wa ku China ankajambulira ana a kwa Njewa ku Lilongwe akuwanenetsa mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene anawo sankachimva. Dziko lonse linakwiya, ndipo linayenera kukwiya. Sitingadandaule zimenezo m'mawa, madzulo n'kumaphunzitsa ana athu kuchita zofanana nazo kwa ena.

Ndiye poyambira ndi pati? Sankhani dziko limodzi ndi nthawi imodzi, muphunzire zinthu zitatu kapena zinayi za mmene anthu ankakhalira, makamaka za amene anali ndi mangawa kwa yani. Malupanga ndi madenga opindika zidzabwera zokha, ana akuzidziwa kale. Nthano imayenda ndi maudindo amene akukokana.

Ndipereke chitsanzo cha China wa m'nthawi ya mafumu a Ming, kuyambira 1368 mpaka 1644. Munthu ankalowa ntchito ya boma polemba mayeso. Mayesowa anayamba zaka mazana ambiri Ming isanabwere ndipo anathetsedwa mu 1905. Banja lonse, nthawi zina mudzi wonse, linkasonkherana kuti mwana mmodzi aphunzire, ndipo olephera anali ochuluka kutalitali kuposa okhoza; ena ankabwereza mpaka imvi. Mwana wa Fomu 4 amene akudikira MSCE simuchita kumufotokozera kawiri. Wokhozayo akapatsidwa boma loti alamulire, lamulo silinkalola kuti likhale la kwawo, kuopa kukondera abale. Choncho bwanamkubwa ankafika ali mlendo, nthawi zambiri osamva bwino chilankhulo cha kumaloko, n'kumadalira alembi ndi amithenga obadwira komweko amene ankadziwa zonse ndipo ankamuuza zimene afuna. Boma linkasunganso nkhokwe zogula chakudya chikatchipa n'kugulitsa chikadula, ganizo lomwe ife tinalidziwira ku ADMARC. Ndipo panali lamulo ili: bambo kapena mayi wa munthu wa udindo akamwalira, iye ankayenera kutula pansi udindo n'kubwerera kwawo kukalira maliro miyezi 27. Kubisa imfa ya kholo pofuna kukhalabe pampando unali mlandu waukulu ndi manyazi osafafanizika.

Zinayi zokhazi zakwana nthano ya teremu yathunthu. Pekani boma la kumapiri, kozizira, kumene mvula yakana zaka ziwiri. Bwanamkubwa wake ndi munthu wolungama, ndipo ndi iye yekha amene akuletsa alembi kugulitsa mpunga wa m'nkhokwe kwa amalonda a kuchigwa. Tsiku lina osewera anu, ali paulendo, apeza mthenga atavulala panjira. Asanatsirizike awapatsa kalata yoti akapereke m'manja mwa bwanamkubwa. M'kalatamo muli uthenga woti mayi ake amwalira. Akaipereka, iye achoka, nkhokwe zitsegulidwa usiku, anthu afa ndi njala. Akaibisa, amulanda mwana mwayi wolira mayi wake, ndipo tsiku lodzaululika adzamuyesa wobisa dala. Kalembera wamkulu akudziwa kuti kalata ikubwera ndipo watuma anyamata ake kukaifunafuna. Ndiye mutani?

Ine sindikudziwa yankho lake, ndipo inunso musalikonzeretu. Gulu lina lidzaotcha kalata. Lina lidzaipereka n'kudzipereka kulondera nkhokwe. Lina lidzapita kwa bwanamkubwa n'kumuuza pakamwa, kumusiyira yekha mtolowo, ndiye inu muyenera kudziwa mtima wa munthu ameneyu mokwanira kuti mumuyankhulire. Kukonzekera kwa mwininthano n'kumeneko. Pa munthu aliyense wofunika lembani mizere itatu m'kope: akufuna chiyani, akuopa chiyani, adzachita chiyani osewera akapanda kulowererapo. Kalembera naye mumupatse chifukwa chake. Mwina ali ndi ngongole imene anatenga kuti mwana wake akalembe mayeso kachitatu. Woipa wopanda chifukwa amatopetsa pofika sabata yachiwiri.

Nanga ninja uja? Muuzeni mwanayo mwachikondi kuti ninja ndi wa ku Japan, ndipo ngati gulu likufuna Japan mudzapita nthano yotsatira, mutawerenga za kumeneko: za akalonga amene kuyambira 1635 ankakakamizidwa kukhala chaka china ku Edo, china kwawo, akazi ndi ana awo atatsala ku Edo ngati chikole. M'nthano ya lero akhoza kukhala wophunzira kung fu amene anathawa kwa mphunzitsi wake. Koma alembe papepala dzina la mphunzitsiyo ndi chimene anathawira. Mabuku a Jin Yong, amene mafilimu ambiri a malupanga anachokerako, amakoma chifukwa wankhondo aliyense ali ndi amene anamuphunzitsa, amene anamulonjeza kanthu ndi amene anamulakwira. Wosewera aliyense ayankhe mafunso awiri asanayambe: ndani anakulera kapena kukuphunzitsa, ndipo uli ndi ngongole yanji kwa munthu wina wa patebulo pano? Mayankho awo ndiwo mudzakolezere moto nthano ikayamba kuzirala.

Pali msampha wina umene ndi wathu ife. Ambiri kuno timatsata kuchikazi. Mwana akalakwa timathamangira kwa malume, mwamuna amapita chikamwini, mbumba ili ndi mwini wake. Osewera anu adzalowa m'nthano ndi maganizo amenewa osadziwa. Ku China wa Ming mkazi ndiye ankasamukira kwa mwamuna, dzina ndi minda zinkatsata bambo. Nenani zimenezi poyambirira, ndipo muone mmene anawo adzadabwire pamene mpangankhani wawo apita kwa malume kukapempha thandizo n'kuuzidwa kuti nkhaniyo si ya kuno. Kudabwa kumeneko n'kwa mtengo wapatali, chifukwa mwana wazindikira kuti mwambo umene ankauyesa wa anthu onse ndi wa kwawo. Mukafuna dziko lotsata kuchikazi, ku Asia lilikonso: a Minangkabau ku Sumatra, a Khasi kumpoto chakum'mawa kwa India, a Mosuo kufupi ndi nyanja ya Lugu ku China.

Za mizimu ndi zodabwitsa ndinenepo pang'ono, pakuti nthano yopanda zimenezi ana saikonda. Chinjoka cha m'nthano za ku Ulaya chimalavula moto ndi kugonera golide. Cha ku China ndi cha madzi, mitsinje ndi mvula, ndipo chili ndi akuluakulu ake kumwamba amene chimawayankha. M'buku la Journey to the West, lomwe linalembedwa m'zaka za m'ma 1500 ndipo ndi kumene Goku wa mu Dragon Ball anachokera, muli mfumu ya zinjoka imene inadulidwa mutu chifukwa inasintha nthawi ndi muyeso wa mvula imene inalamulidwa kugwetsa. Ife amene tinamva za Thunga ndi Makewana ku Msinja sitidabwa kuti njoka ndi mvula zimayendera limodzi. M'boma lanu lopeka lija, mwina mvula yakana chifukwa chinjoka cha mtsinje chikudikira chilolezo chimene wina kumwamba wachikhalira. Osewera akhoza kukadandaula mlandu kumeneko monga momwe angachitire kwa bwanamkubwa. Koma milungu imene anthu akuipembedza lero, ku China, ku India kapena kwina kulikonse, musaiike patebulo kuti ana aziimenya ndi madayisi. Pekani yanu, muipatse mayina anu. Malo muwatchule m'Chichewa momveka, monga Mlatho wa Miyala kapena Mudzi wa Msondodzi, m'malo mopeka mawu ongomveka ngati achilendo. Anthu apatseni mayina enieni a mabanja monga Li, Wang, Chen kapena Zhang, ndipo kumbukirani kuti kumeneko dzina la banja ndilo limayamba.

Malamulo a madayisi akhale ochepa. Njira imene ndimalimbikitsa inatchuka ndi masewero a Apocalypse World a mu 2010. Wosewera aponye madayisi awiri n'kuphatikiza. Akapeza 10 kapena kuposa, zatheka. Akapeza 7, 8 kapena 9, zatheka koma pali mtengo wake: wakwera mpanda koma nsapato yatsala, ndipo mlonda waitola. Akapeza 6 kutsika, zavuta, ndipo mwininthano anene chimene chagwa. Ngati chinthucho ndi luso lake, awonjezere 1 kapena 2. Aphunzitsi a masamu muona kale kuti mwa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, 6 zokha ndizo zimapereka 10 kupita m'mwamba, 15 zili pakati, 15 zili pansi. Ndiye kuti nthawi zambiri osewera amapeza chimene akufuna ndi vuto pamwamba, kapena vuto lokha, ndipo nthano siima. Chofunika n'chakuti kulephera kusakhale "palibe chachitika." Loko akakana kutseguka, kumveke mapazi akubwera. Ndipo musaponyetse dayisi pa chinthu chosakayikitsa. Munthu wofuna kugula tiyi angogula.

Pa nkhokwe ija, ikani nyemba 12 m'kapu pakati pa tebulo, muwauze kuti ndicho chakudya chatsala m'boma. Mkumano uliwonse chotsani imodzi. Alembi akaba, chotsani ziwiri onse akuona. Simudzafunikanso kuwauza kuti afulumire.

Nkhondo zidzakhalapo, ndipo zikhale zokoma: kulumphira padenga, kumenyana pamlatho wopapatiza, ndodo kulimbana ndi lupanga. Koma aliyense wogwa akhale ndi kwawo. Mnyamata wa kalembera amene amuthyola mkono lero, sabata yamawa apeze kuti mayi ake ndi amene amawaphikira pa nyumba ya alendo. Ana amasiya okha kupha mwachisawawa akaona kuti nthano imakumbukira.

Kuyendetsa anthu n'kovuta kuposa kuyendetsa malamulo. Pagulu lililonse pamakhala mnyamata wa mawu amene amayankha funso lisanathe, ndi msungwana amene ali ndi nzeru yabwino koposa koma akudikira kuti ena amalize. Musafunse gulu lonse nthawi zonse. Tchulani dzina la mpangankhani: "Chen, iwe uli pakhomo, wamva kalembera akunong'ona. Utani?" Kenaka dikirani, ngakhale patakhala chete kanthawi. Mkumano woyamba musasewere n'komwe. Ukhale wopangana: tikumana liti, nthano yathu ndi yotani, ndi zinthu ziti zimene sitikufuna zitchulidwe. Ena mwa ana amenewa anaikadi mayi awo chaka chatha, ena anagonadi ndi njala. Ngati nkhani ya kalata ija ili pafupi kwambiri ndi bala la wina, isintheni, ndipo aliyense akhale ndi ufulu wonena kuti "apa tidumphe" popanda kufunsidwa chifukwa.

Konzani nthano ya mikumano 8 kapena 10, ya maola awiri uliwonse, kuti ithe teremu isanathe. Nthano zopanda malire zimafera panjira mvula ikagwa, ana akayamba kufunidwa kumunda wa mbatatesi, kapena mayeso akayandikira. Pothera pa mkumano uliwonse lekezani pamene pali funso, chitseko chikutseguka kapena mlendo atangotchula dzina limene samayenera kulidziwa, ndipo mmodzi alembe mwachidule zimene zachitika. Amene anajomba adzawerenga, ndipo aphunzitsi a Chichewa mudzapeza chimangirizo cholembedwa popanda kukakamiza.

Makolo adzafunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Akaona madayisi ena adzati ndi juga, ena adzati ana akuombeza maula. Ku America m'zaka za m'ma 1980 kunabukanso mantha otere, anthu ena akuti masewerowa ndi a satana. Musawaseke ndipo musabise kalikonse. Kambiranani ndi ahedi kapena akuluakulu a mpingo musanayambe, sewerani pamalo oonekera, chitseko chili chotsegula, ndipo ndalama isaoneke patebulo ngakhale K50. Itanani kholo lokayika lidzakhale nawo mkumano umodzi, mulipatse mpangankhani woti limulankhulire, kaya ndi mayi wogulitsa tiyi pamlatho. Ngati banja lina silikufunabe za mizimu, chotsani chinjoka. Nkhani ya bwanamkubwa, kalata ndi nkhokwe imayenda bwinobwino popanda chodabwitsa chilichonse.

Mkumano womaliza muusungire nthawi yokwanira. Mlandu ukatha, kaya bwanamkubwa wapita kukalira mayi ake, kaya watsala n'kulandira chilango, zungulirani tebulo, aliyense anene kumene mpangankhani wake ali patapita zaka khumi. Mukatero funsani amene akufuna kukhala mwininthano ulendo wotsatira, mumupatse kope lanu lija aone mmene munkalembera, ndipo inu mutenge pepala mukhale wosewera wamba. Ngati asankha Japan, Korea kapena India, mupatseni mwezi woti awerenge ndi kufunsa asanayambe, ndipo mumuthandize kupeza zinthu zake zinayi.

Madayisi ndabwera nawo, mapepala alipo. Tikamwa tiyi ndipempha anthu asanu abwere kutsogolo kuno tidzayese mphindi makumi atatu, ena nonse mukuonerera, kuyambira pamene mthenga uja wagona panjira.